Chipani cha "achoke" sichinalembetse ku ECZ, koma mavoti ake ali kale mu komboni

Zotsatira za masankho a kumaiko a azungu zikatuluka masiku ano, ife a mu Lusaka timaziwerenga pafoni ngati zigoli za Premier League. Pa 23 February 2025 ku Germany chipani cha AfD chinatenga mavoti 20.8 pa 100 alionse n'kukhala chachiwiri m'dziko lonse. Ku Netherlands mu November 2023 chipani cha Geert Wilders chinaposa zipani zonse ndi mipando 37. Ku Austria FPÖ inakhala yoyamba mu September 2024. Ku Portugal, dziko limene linalamulira Mozambique mpaka 1975, chipani cha Chega chinali ndi phungu mmodzi chabe mu 2019, koma mu 2025 chinapeza aphungu 60. Atolankhani a Chingelezi amazitcha far-right. Ine ndimazitcha zipani za "achoke", pakuti ukavula masuti ndi mbendera zawo, uthenga wotsala ndi umodzi: mavuto ako anabwera ndi munthu wochokera kwina, ndipo iye akachoka iwe udzadya.

Tikamaliza kuwerenga timapukusa mitu, n'kulemba pa Facebook kuti mzungu sadzasintha. Kenako timayamba kudzitama. Ife ndife One Zambia One Nation. Ife tinasunga ANC, Oliver Tambo anali ndi nyumba ku Chelstone, ndege za Ian Smith zinatiphulitsira mabomba chifukwa cholandira alendo. Zonsezo n'zoona ndipo inenso ndimazinyadira. Koma amene anachita zimenezo ndi agogo athu. Funso langa ndi la ife, amene tidzaima pamzere pa 13 August 2026. Ndikukamba poyera kuti chipani cha "achoke" chilibe dzina pa pepala lovotera kuno, koma makasitomala ake alipo kale ku Kanyama, ku George, ku Chawama ndi ku Matero, ndipo chimene chikusowa ndi munthu wochenjera woti atsegule shopu.

Amene akuti matendawa ndi a azungu okha ayang'ane kumwera. South Africa inavota pa 29 May 2024. ANC inagwa kufika pa 40 peresenti, koyamba kulephera kudutsa theka kuyambira 1994. Patriotic Alliance ya Gayton McKenzie inachita kampeni ndi liwu limodzi lachizulu, abahambe, kutanthauza kuti apite. Inapeza mavoti 2 peresenti chabe ndi mipando 9 mwa 400. Mungaseke kuti n'zochepa. Koma ANC inafuna anzake opanga nawo boma, ndipo McKenzie anatuluka ali nduna ya zamasewera ndi chikhalidwe. Gulu la Operation Dudula, limene linayambira ku Soweto mu 2021, silinapeze mpando ndi umodzi womwe, koma mu 2025 anthu ake anali kuima pazipata za makiliniki a boma n'kumafunsa odwala chitupa, opanda chitupa cha dzikolo n'kuwabweza, mpaka khoti linawaletsa. Amene amawathamangitsawo si azungu. Ndi anthu a ku Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique, ndiponso ife. Munthu wa Dudula akamva kalankhulidwe kako sakufunsa ngati unachokera ku Mzimba kapena ku Mtendere. Kwa iye tonse ndife makwerekwere.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka powerenga zotsatira. Amayang'ana amene wapambana, akaona kuti chipani cha "achoke" chili pa nambala 2 kapena 6, amati chabwino, anthu anzeru akadali ambiri. Koma zipanizi sizifunika kupambana kuti zilamulire. Zimangofunika kuopseza zipani zikuluzikulu mpaka nazonso ziyambe kukamba chimodzimodzi. Mu August 2022 Phophi Ramathuba, amene anali mkulu wa zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, wa ANC osati wa Dudula, anajambulidwa akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali gone pabedi la chipatala, kuti anthu a kwawo akumaliza ndalama za zipatala za South Africa. Sanachotsedwe nchito. Mu June 2024 anamukweza kukhala mtsogoleri wa chigawo chonse.

Ku Britain ndi chimodzimodzi. Reform UK ya Nigel Farage inapeza mipando 5 chabe mu July 2024. Pa 1 May 2025 inachita bwino kwambiri pa masankho a makhansala, ndipo pasanathe milungu iwiri boma la Labour, limene limati ndi la anthu ogwira nchito, linalengeza malamulo okhwima a obwera, kuphatikizapo kutseka njira yolemba anthu akunja nchito yosamalira okalamba. Mukudziwa nonse mlongo kapena azakhali amene anali kusonkhanitsa ndalama za njira imeneyo. Farage sanakhale nduna, koma khomo linatsekeka. Ndipo kuchokera pa 20 August 2025, boma la Donald Trump linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa munthu wopempha visa yokacheza kapena ya bizinesi ku America. Maiko awiri oyamba kuikidwa pa mndandanda umenewo anali Zambia ndi Malawi. Mavoti anaponyedwa ku Pennsylvania, ululu wake unafika pa Kabulonga Road.

Choncho tikudziwa mmene zimawawira ukakhala kuti ndiwe wouzidwa kuti uchoke. Mu September 2019 atayambanso kumenya obwera ku Johannesburg, ana a sukulu za ukachenjede anaguba mpaka ku ofesi ya kazembe wa South Africa muno mu Lusaka, FAZ inakana kusewera ndi Bafana Bafana, ndipo tonse tinalemba zaukali. Chimene chinandidabwitsa nthawi imeneyo n'chakuti panali patangopita zaka zitatu chichitikire zathu, koma palibe amene anazitchula.

Tiyeni tizitchule. Kuyambira March 2016 mitembo inayamba kupezeka m'dera la George, Zingalume ndi Lilanda, itadulidwa makutu, mitima ndi ziwalo zobisika. Anthu anali ndi mantha enieni ndipo apolisi anali kuchedwa. Kenako mphekesera inayenda kuti ziwalozo zili m'mafiriji a anthu a ku Rwanda amene ali ndi mashopu, kuti ndiye chizimba cha malonda awo. Pa 18 April, Lolemba, anthu anathyola mashopu oyamba. M'masiku awiri moto unadumpha kuchoka komboni ina kupita ina. Apolisi anawerenga mashopu oposa 60 ophwanyidwa ndi anthu oposa 250 omangidwa. Mabanja mazana anathawira ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius ku Rhodes Park, ana kugona pansi. Asilikali anatumizidwa m'makomboni. A Edgar Lungu anapita okha kutchalitchiko kukapepesa.

Taganizirani zimene anthu ananyamula m'mashopu amenewo. Ngati cholinga chinali kufufuza ziwalo za anthu, bwanji anyamata anatuluka ndi matumba a unga, shuga, saladi ndi buledi? Bwanji firiji imene akuti munali mtima wa munthu inanyamulidwa pamutu kukaikidwa m'nyumba ya wina, n'kuyamba kuziziritsa maheu? Munthu amene amakhulupiriradi kuti shopu ili ndi chizimba sadya buledi wa mmenemo. Mphekesera ija inali chilolezo chabe.

Mu May chaka chomwecho apolisi anaimba mlandu wa kupha kuja anthu anayi. Awiri anali asilikali, wina wogwira nchito ku Zambia Air Force, wina sing'anga. Sanali eni mashopu a ku Rwanda. Ndipo ku Kanyama, pakati pa chipwirikiti, anthu awiri anawotchedwa amoyo. Nduna ya zam'dziko, a Davies Mwila, anauza dziko kuti onse awiri anali a Zambia. Gulu linapita kukasaka mlendo n'kuwotcha ana a kwawo. Si zachilendo. Ku South Africa mu 2008 anthu 62 anaphedwa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dzikolo. Gulu la anthu likanyamula matayala ndi petulo silikhala ndi nthawi yowerenga reji.

Chimene chinatipulumutsa mu 2016 si kukoma mtima kwathu. Ndi chakuti panalibe wandale wamkulu amene anaganiza zokwera pa mkwiyowo, ngakhale masankho anali pa 11 August, miyezi inayi kutsogolo. PF ndi UPND anali otanganidwa kutukwanana pa za mitundu yathu yomwe. Akanapezeka wina wa pakamwa potsetsereka, n'kuima pa lole ku Matero kuti "mashopu onse a mu komboni abwerere kwa eni nthaka", mukuganiza kuti akanasowa anthu oimba m'manja? Ine ndimakhala kuseri kwa maikolofoni madzulo, ndimalandira mafoni. Nkhani ikakhala ya mtengo wa unga, sipatha mafoni asanu wina asanalowetse anthu a ku Rwanda, a ku Burundi, Makasai kapena Machoncholi. Amayamba mwaulemu, "Ba presenter, ine sindine wa tsankho, koma", ndipo chimene chimabwera pambuyo pa koma ameneyo mukhoza kuchimasulira m'Chijeremani n'kuchiika pa chikwangwani cha AfD osasintha kanthu.

Tsopano wina ati, kodi mwachusa si mwachusa? Kodi n'kulakwa kunena kuti dziko ndi la eni ake? Ndikufunseni inu amene mukuwerenga Chinyanja ichi: muli ndi chitsimikizo chotani kuti mzerewo ukajambulidwa inu mudzakhala mkati?

Mbiri yathu yayankha kale. Mu 1994 boma la MMD linanyamula William Banda ndi John Chinula, atsogoleri a UNIP, n'kuwatayira ku Malawi kuti si a Zambia. Chinula anafera komweko, ndipo bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linagamula mu 1999 kuti Zambia inalakwa. Mu May 1996 anasintha malamulo a dziko kuti wopikisana pa upulezidenti makolo ake onse awiri akhale obadwira muno. Aliyense anadziwa amene anali kumusaka. A Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, koma makolo awo anachokera ku Nyasaland. UNIP inanyanyala masankho a chaka chimenecho. Mu March 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti munthu amene analamulira dziko lino zaka 27, amene nkhope yake inali pa ndalama, alibe dziko. A Frederick Chiluba amene anasula mpeni umenewo nawonso anakokeredwa kukhoti, otsutsa akuti anachokera ku Zaire. Mu 2011 PF inapita kukhoti kuti atate a Rupiah Banda anali a ku Malawi. A Lungu nawonso ali pampando kunatuluka anthu onena kuti si Lungu weniweni, ndi munthu wa ku Malawi wobisala m'dzina la wina. Mwaona mmene dzina la Malawi likubwererabwerera? Mpeni umenewu ukatuluka m'chimake, oyamba kuchekedwa ndi a Banda, a Phiri, a Mwale ndi a Tembo, ndi aliyense amene agogo ake anawoloka pa Mwami kapena pa Chanida kale malire asanakhale ndi geti. Gawa Undi amakhala ku Mkaika, ku Katete, koma anthu ake ali m'maiko atatu, ndipo pa Kulamba mafumu a ku Malawi ndi Mozambique amabwera kudzagwada. Amene akufuna "Mzambia weniweni" ayambe wafotokoza kuti Mchewa amudula pati.

Ndiponso makomboni athu omwewa anamangidwa ndi obwera okhaokha. Mu nthawi ya atsamunda munthu wakuda analoledwa kukhala mu Lusaka pokhapokha ali pa nchito ya mzungu. Maina akuchitira umboni: George, John Laing, John Howard, Marapodi, onsewa ndi maina a eni malo kapena makontirakita amene anthu anamanga timisasa pa malo awo. Agogo anu atafika kuchokera ku Petauke kapena ku Mporokoso, boma la nthawi imeneyo linawatcha olowerera, ndipo linali kutumiza mathirakita kugwetsa nyumba zawo. Lero mdzukulu wa wolowerera akufunsa mnzake kuti unachokera kuti.

Sindikunena kuti mkwiyo wa mu komboni ndi wabodza. Ndi woona kotheratu. Mu 2024 thumba la unga wa breakfast la 25kg linadutsa K300. Chilala chinaumitsa Kariba, malaiti n'kumabwera maola atatu pa tsiku, owotcherera zitsulo ku Kalingalinga ndi ometa tsitsi ku Chawama n'kumakhala manja lende. Kolera inadzaza Heroes Stadium ndi odwala, ndipo Kanyama monga mwa masiku onse inali patsogolo. Dziko linalephera kubweza nkhongole mu November 2020 ndipo tikulipirabe. Mnyamata wa Grade 12, mwina ndi dipuloma pamwamba, amakhala mu kabokosi ka mobile money kuyambira m'mawa mpaka mdima. Akatuluka n'kuona kuti shopu yokhayo yodzaza katundu mu msewu wake ndi ya munthu wolankhula Chinyanja chopotoka, mtima umamuwawa. Ndikumvetsa. Chimene ndikukana ndi masamu ake.

Munthu wa ku Rwanda wogulitsa pamela ndi saladi wa m'kapulasitiki sanakwezepo mtengo wa chimanga. Sanasaine Eurobond. Sanatseke ngalande za ku Kanyama, ndipo si iye anagawa maploti pamalo odutsa madzi. Amene anagawa maplotiwo ndi makada, ndipo mumawadziwa maina. Shopu yake imayenda chifukwa cha zinthu zimene aliyense amaziona ndi maso: amatsegula kukadali mdima, amatseka mochedwa, banja lonse limagwira mmenemo, amagula katundu pamodzi ndi anzake kuti mtengo utsike, ndipo amapereka nkhongole kwa amayi a pafupi mpaka mwezi uthe. Mashopu ataphwanyidwa mu 2016, kodi ndani mwa ophwanyawo anatsegula yake? Katundu anatha m'mlungu umodzi. Eni nyumba, amene ndi a Zambia, anataya lendi. Amayi amene anali kutenga shuga pa nkhongole anasowa kolowera. Ngati pali chokambirana pa malaisensi a malonda ang'onoang'ono, pa msonkho, kapena pa ngongole za boma zoti achinyamata ayambire bizinesi, tikambirane, ndipo lamulo likhale limodzi kwa aliyense wogulitsa. Koma zimenezo zimafuna kukhala pansi ndi mapepala, ndipo wandale wa "achoke" sakonda mapepala.

Nkhani ya anthu a ku China ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa pamenepo pali milandu yeniyeni. Mu April 2005 fakitale ya zophulitsira miyala ku Chambishi inaphulika n'kupha antchito pafupifupi 50. Mu October 2010 akapitawo a mgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe anawombera antchito odandaula. Mu February 2025 damu la zinyalala za asidi la Sino-Metals linagumuka n'kuthira poizoni mu mtsinje wa Kafue. Amenewa ndi makampani okhala ndi maina, maadiresi ndi malaisensi, ndipo malaisensiwo anasainidwa ndi a Zambia okhala m'maofesi a boma. Mkwiyo woyenera upite kumeneko, pa kampani ndi pa wosaina. Koma onani zimene ndale inachita nawo. A Michael Sata mu 2006 anachita kampeni yoopseza kuthamangitsa amalonda a ku China, ndipo anasesa Lusaka ndi Copperbelt ngakhale analephera dziko lonse. Atapambana mu 2011, mmodzi mwa alendo awo oyambirira ku State House anali kazembe wa China, ndipo nkhongole za ku China zinakula mu ulamuliro wa PF kuposa kale lonse. Ambiri a ife tinawakonda a Sata, ndipo pali zimene anachita zimene sindingazinyoze. Koma phunziro limene andale onse anatengapo ndi lakuti mawu amenewa amagula mavoti mu Lusaka, ndipo ukalowa sufunika kuwakwaniritsa. Mu May 2020 a Miles Sampa, ali meya, anali kuyenda ndi makamera kutseka malo a malonda a anthu a ku China amene ankati akusala anthu akuda. M'masiku omwewo anthu atatu a ku China anaphedwa mu nyumba yosungira katundu ku Makeni. A Sampa anapepesa pambuyo pake pa kachitidwe kawo. Sindikuti iwo anatuma munthu. Ndikuti ukayatsa moto pafupi ndi udzu wouma sufunsidwa kumene mphepo ipite.

Ndipo amene waphunzira kuloza chala mlendo satenga nthawi kuloza mtundu wa mnzake. Ndi minofu imodzimodzi. A Chishimba Kambwili anayenda dziko lino mu 2021 akunyoza Atonga mpaka ECZ inawaimitsa kuchita kampeni, ndipo mu November 2023 khoti la ku Kasama linawapatsa miyezi isanu. Lero pa WhatsApp zimayenda mindandanda ya maina a osankhidwa pa maudindo, wina atalemba mtundu pambali pa dzina lililonse, monga zinali kuyendanso nthawi ya PF, kungoti maina asintha. Kufunsa ngati nchito za boma zikugawidwa mwachilungamo ndi ufulu wa nzika. Koma wofunsa moona amafunsa ngati munthuyo akudziwa nchito ndiponso ngati analembedwa motsata njira. Wogulitsa "achoke" amafunsa mudzi wa amake.

Ndikambeko za nchito yanga, chifukwa ife a pawailesi tili ndi mlandu wathu pa nkhaniyi. Anthu a ku Rwanda amene tinawaphwanyira mashopu anachokera m'dziko limene wailesi inasanduka chida chophera. RTLM mu 1994 sinali wailesi yaulesi ya boma. Inali ya achinyamata, ya nyimbo zabwino za ku Zaire, ya owulutsa oseketsa olankhula chinenero cha mumsewu. Pakati pa nyimbo ndi nthabwala ankatchula Atutsi kuti mphemvu, kenako anayamba kuwerenga maina ndi malo obisalako. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Lusaka si Kigali, ndipo sindikufuna kuopseza munthu. Koma mu 2020, nthawi ya gassing, tinaona chimene voice note imodzi ingachite. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu m'dziko lino, ambiri chifukwa chongokhala nkhope yachilendo pamalo olakwika, ena odwala misala, ena okalamba osochera. Lero aliyense wa inu ali ndi wailesi m'thumba, ndipo batani la forward ndilo maikolofoni.

Pali anzanga m'nchitoyi amene amati woimba foni asiyidwe akambe zakukhosi, ndiwo ufulu wolankhula, komanso ndi zimene zimakoka omvera. Ine ndimakana. Munthu akati anthu a mtundu wakutiwakuti ndi mfiti kapena mbava, ndimamufunsa mafunso atatu: ndani, liti, ndipo munakanena ku polisi iti? Akayankha, tili ndi nkhani yoti tiifufuze. Akalephera, ndimadula foni n'kuuza omvera chifukwa chake. Ena amanditukwana pa meseji kuti alendo anandigula. Ndine wodzipereka, sindilandira malipiro, ndimakwera basi ya Flash ngati inu, ndiye ngati anandigula anaiwala kulipira.

Chimene ndikuopa pa 2026 si kuti chipani chatsopano cha "achoke" chidzalowa State House. Zotsatira za 2021 zinali za mahatchi awiri, a Hakainde Hichilema 59 peresenti, a Lungu 39, ndipo tizipani tating'ono tinagawana nyenyeswa. Ndikuopa njira ya McKenzie ndi Farage. Wina woimira ukhansala kapena uphungu, wopanda chokamba pa madzi ndi ngalande, adzayesa mawuwa pa msonkhano umodzi ku Chibolya kapena ku Zingalume. Anthu adzakuwa. Kavidiyo kadzayenda pa TikTok. Mawa lake wopikisana naye wa chipani chachikulu, poopa kutsala, adzakamba zomwezo mokweza pang'ono. Pakutha kwa kampeni, chinthu chimene chinali chamanyazi kukamba pagulu chidzakhala wamba, ndipo palibe amene adzakumbukire woyambitsa. Ku Germany zipani zikuluzikulu zinalumbira kwa zaka zambiri kuti sizidzagwirizana ndi AfD pa chilichonse. Mu January 2025 Friedrich Merz anadutsitsa chigamulo chokhwimitsa malire mu nyumba ya malamulo ndi thandizo la mavoti a AfD, ndipo miyezi inayi isanathe anakhala mtsogoleri wa dzikolo. AfD sinachepe chifukwa chakuti anaitengera mawu.

Ndiye akabwera ndi chitenje ndi K50 yawo, n'kuyamba nyimbo ya alendo, musawathandize kuimba. Abwezereni pa nkhani imene akuithawa. CDF inali K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Mmenemo muli ndalama za bursary ya maluso, za ngongole ndi mphatso za magulu a achinyamata ndi amayi, ndi za zitukuko zimene Ward Development Committee ya kwanu imayenera kusankha pamodzi ndi inu. Palibe munthu wa ku Rwanda, wa ku Congo kapena wa ku China amene amakhala mu komiti imeneyo. Funsani kuti magulu amene analandira ndi ati, atsogoleri ake ndi abale a ndani, ndipo ngalande imene analonjeza mvula isanagwe ili pati. Afunseni pa msonkhano pomwepo, foni ikujambula, ndipo mutitumizire yankho lawo kuti tiliulutse madzulo.